Chipinda Chokhoma cha Alamu Anga

Alamu anga, amuna a achemwali, ndiwo anali oyamba mwa ife Amalawi a ku Barking, kuno kwa azungu, kuchita malonda a zinthu zosaoneka ndi maso. Amati masheya. Umawapatsa ndalama, iwo n'kukugulira kachidutswa ka kampani, koma ukati ndionetseni, amangoloza kompyuta. Ine wolekezera Sitandade 5 ndinkangogwedeza mutu ngati ndamva.

Ankagwirira ntchito m'kachipinda kam'mwamba, kokhoma nthawi zonse. Ngakhale achemwali, anamwino athunthu, sankapondamo. Nyumba anagula, galimoto anagula, basi kutchalitchi ku Tottenham manong'onong'o anayamba: bambowa anakhwima.

Zinavuta mwana wawo wamkazi atapeza mnyamata wa ku Zambia. Ine, pokhala malume ake, ndinali nkhoswe. Malume a mnyamatayo atabwera kudzakambirana za ukwati, tiyi sanamukhudze.

"Manje imwe," anatero kwa ine, "mwana wathu sangakwatire panyumba ili na chipinda chokhoma. Muli chani muja?"

Mtsikana anali kukhitchini, misozi ili lengelenge. Ndinati, "Alamu, tsegulani anthu aone mawaya anuwo, mwana akwatiwe."

"Muli zinsinsi za makasitomala," anatero alamu, thukuta lili kamukamu chonsecho kunja kuli chisanu.

Apa nanenso ndinayamba kuwakayikira. Pakhomopo ndinali nditadyapo kwambiri.

Achemwali anangodzuka. Anapisa dzanja m'thumba la amuna awo n'kutulutsa kiyi. Tonse tinandandalika pamasitepe, ine kumbuyo kwenikweni, kuti zikavuta ndiyambe ndine kutsika.

Munali makompyuta awiri, mapepala ndi kabati. Malume a ku Zambia anayamba apemphera kaye, kenako anatsegula kabatiyo. Mabisiketi, maswiti, chokoleti, mandasi okulunga m'pepala: zonse zimene adokotala anawaletsa alamu chifukwa cha matenda a shuga.

"Abambo," anatero achemwali motsitsa mawu, "ine ndizivutika kukuwiritsirani masamba opanda mafuta, inu kuno muli paphwando?"

Malume aja anatola ndasi limodzi, kulinunkhiza, kuliluma. Ali chitafunire anandifunsa, "Manje tsiku la ukwati tiike liti?"

Titawaperekeza alendo kusiteshoni, alamu anandikoka malaya.

"Mwandipha, alamu. Mukanangowasiya azinditcha mfiti. Mfiti anthu amaiopa, koma ine kuyambira mawa namwino uja azindibaya chala m'mawa uliwonse."