Dzira Lachilendo m'Chisa cha Atchete

A Enelesi akhala akuingitsa mbalame m'minda ya mpunga ku Chilwa kuyambira utsikana wawo. Mphepo ikagwetsa chisa cha atchete, mazira amasweka kupatula limodzi, loikira mbalame ina yosalera ana ake. Chigoba chake n'cholimba, ndipo kamwana ka m'katimo kali ndi khosi lamphamvu kuti kachiboole. Anzawo amaliponda dziralo, koma a Enelesi amakaliika m'chisa china.

Mayi awo, pothawa nkhondo ku Mozambique, anawasiya ali khanda pakhomo pa eni. Namondwe wa Freddy anakokolola banja lonse lowaleralo, iwo okha n'kutsala.

Pamaliro amayi a kutchalitchi anati, "Koma inu ndinu olimba."

A Enelesi anayankha, "Kulimbako sindinapemphe."