Ndani Ali Pafupi?

Atelala a pakhonde la sitolo ya zitsulo anayamba kusoka mu Okutobala 1988, ndi makina opalasa amene malemu amuna awo anawasiyira. Khondelo linayang'ana pamphambano, ndiye wopita kuchipatala, kumsika kapena kumpopi ankadutsa pamaso pawo. Munthu akadwala, atelala ankamva msanga kuposa abale ake.

Mu Januwale 2022 anasonkhanitsa anansi m'gulu la pa foni. Munali aphunzitsi, ometa, amayi ogulitsa makala, bambo wa njinga yamoto ndi ena. Ankachapira odwala, kutungira madzi okalamba ndi kuperekeza anthu kuchipatala. Dzina analibe. Pamwamba pankangooneka mawu akuti "Gulu", ndipo palibe ankadandaula.

Pa 9 Meyi achimwene awo a atelala, amene anakalambira pa chiwongolero cha basi, anafa ziwalo mbali ya kumanja. Ankakhala okha m'nyumba ya zipinda ziwiri pafupi ndi sukulu. Atelala ankapitako m'mawa ndi masana, zosoka za anthu zili mulu pamakina. Kuphika ndi kuchapa ankatha, koma kunyamula munthu wamkulu thupi kupita naye kubafa kunawakanika. Msana unayamba kukana. Pankafunika amuna a m'gulu muja.

Chakumapeto kwa mweziwo aphunzitsi anati gulu lopanda dzina anthu salikhulupirira, ndipo analemba pamwamba kuti "Othandiza Ovutika". Onse anavomera. Lolemba ometa ndi wa njinga anagogoda kwa adalaivala.

"Mwatumidwa ndi ndani?" anafunsa adalaivala ali pampando.

Ometa anawaonetsa foni. Adalaivala anawerenga pang'onopang'ono, kenako anafikira ndodo ndi dzanja lamanzere.

"Wovutika ndi ndani muno? Iwe ndinkakunyamula ulere uli ndi mamina! Tulukani!"

Atelala atafika masana anapeza madzi osamba atazizira m'chidebe.

"Achimwene, mukufuna ndithyoke msana?"

"Thyoka. Kapena ndisiye ndinunkhe. Koma anthu asamaloze khomo langa kuti muja ndi mwa ovutika."

Atelala ankawadziwa achimwene awo: akati toto, ngakhale mvula igwe sasintha. Loweruka anaitanitsa gulu pakhonde paja. Anthu anakhala pa zitini za penti ndi pa matumba a simenti.

"Dzina lija lichoke," anatero atelala.

"Ndiye tilembe kuti Othandiza Olemera?" anafunsa ometa. "Ine ndodo ija inandiphonya pang'ono, amayi."

Anthu anaseka. Aphunzitsi anati "Manja Achifundo". Wina anati "Kuwala kwa Osowa".

"Ndi chimodzimodzi," anatero amayi a makala, akupukuta manja pachitenje. "Miyezi yapitayo munandichapira ine nditathyoka mwendo. Lero ndikutungira madzi agogo a kuseri kwa chigayo. Tandiuzani, ine ndili mbali iti, ya achifundo kapena ya osowa?"

Atelala anangoti akufuna dzina loti munthu atha kulimva pakhomo pake, anansi akumvetsera, osagwetsa nkhope.

Wa njinga, amene nthawi yonseyi ankaseweretsa foni, anaseka yekha.

"Amayi, inu simudziwa kulemba zina? Taonani. Wina wakomoka kumsika, ndani ali pafupi? Agogo alibe madzi, ndani ali pafupi? Ngakhale kunyumba akazi anga foni ikalira amati, pita, ndi a Ndani Ali Pafupi ako aja."

"Limenelo si dzina, ndi funso," anatero aphunzitsi.

"Ndiye lili bwino, aphunzitsi. Inu mafunso ndi chakudya chanu," anatero ometa.

Aphunzitsi anapukusa mutu, koma analemba funsolo pamwamba pa gulu ndi dzanja lawo. Linali tsiku la 4 Juni.

Madzulo ake atelala analowetsa nambala ya achimwene awo m'gulumo osawafunsa. Adalaivala anaona, koma sanatulukemo. Atelala anapitiriza kuwapukuta ndi nsalu ali pampando, msana ukubaya.

Lachinayi mayi wina analemba kuti akuthamangira kuchipatala ndi khanda, ndipo alibe pomusiyira kiyi mwana wake wamkulu akaweruka kusukulu. Atelala anasiya kupalasa n'kulemba funso lawo lija. Yankho loyamba linachokera ku nambala imene inali isanalembepo kanthu.

"Ine. Abweretse."

Mwanayo anadikira amayi ake pakhomo pa adalaivala mpaka dzuwa kupendeka, akumvetsera nkhani za mabasi.

M'mawa mwake atelala anatumanso ometa. Ometa anagogoda ataima patali ndi chitseko, maso ali pa ndodo.

"Wachedwa," anatero adalaivala. "Madzi azizira. Ndipo ubwere ndi lumo lako, ndevu izi zandikwana."

Tsiku limenelo atelala anasoka madiresi atatu osadzuka pampando.