Mbale Yachitsulo ya Atate

Chaka chimene atate anachita sitiroko ndinasiya ntchito yanga ya m'saluni ku Lusaka, n'kubwerera kwathu ku Chalimbana kukathandiza amayi. Ndinkati ndikhala mpaka mvula itayamba basi. Mvula inabwera, chimanga chinamasula, ine ndidakali pomwepo. Mtima sunakhale pansi. Ndinkasesa posesedwa kale, ndinkatsegula foni n'kuitseka, ndipo galimoto ikadutsa kumsewu ndinkatuluka panja ngati pali wandiitana.

Atate ankadya pang'onopang'ono ndi dzanja lamanzere. Phala linkazizira asanafike pakati, ndipo lozizira ankalikana. Kukoleza mbaula kangapo pa tsiku chifukwa cha phala la munthu mmodzi kunatitopetsa, choncho mkulu wanga wa ku Kabwe anatitumizira maikulowevu yake yakale. Malaiti tili nawo, ngakhale amapita nthawi imene afuna.

Tsiku lina ndikuchapa kuseri ndinamva amayi akukuwa.

"Iwe, bwera! Chayaka ichi!"

Ndinawapeza ataima pakhomo la khitchini, manja ali kumutu. M'kati mwa maikulowevu munali kuthetheka, timoto tabuluu tikudumpha m'mbali mwa mbale. Ndinazimitsa pakhoma. Anali ataikamo mbale ya atate, ija yachitsulo yoyera ya mkombero wabuluu, supuni ili momwemo.

"Amayi, chitsulo sichilowa umu. Ninakuuzani."

"Unaniuza za poto. Iyi ni poto?"

Madzulo ake ndinatsitsa zonse za m'kabati n'kuziyala patebulo. Mkulu wanga anandiuza pafoni kayesedwe kake: kuika mbale yopanda kanthu pamodzi ndi kapu yagalasi ya madzi, n'kuyatsa pang'ono. Madzi akatentha mbale n'kukhala yozizira, ndiye kuti ili bwino. Ikatentha mbaleyo, ichoke. Mbale zadothi za paukwati wa amayi sindinaziyese n'komwe, chifukwa zili ndi mzere wagolide m'mbali, ndipo nawonso umathetheka. Zina ziwiri zinatentha moti sindinathe kuzigwira. Kakontena ka majarini ndinali nditakayesa kale ndi nyemba: kanapindika m'kamwa, nyemba n'kumanunkha pulasitiki, tinataya. Ndisanamalize, malaiti anapita. Ndinatsala chiimire pakati pa mbale, ndikufuna kulira popanda chifukwa chenicheni.

M'mawa ndinakwera kupita ku Chongwe kukafuna mbale yagalasi. Mu shopu ina ndinkatembenuza mbale iliyonse kuyang'ana kunsi, kufuna kachizindikiro ka timizere tokhotakhota kosonyeza kuti imalowa mu maikulowevu. Ndinaipeza imodzi, yolemera, ya chivindikiro chake chagalasi. Potuluka ndinapeza minibasi ya ku Lusaka yatsala pang'ono kudzaza.

"Tauni, asisi! Mpando ulipo, tiyeni!" anatero kondakitala.

Miyendo inapita yokha mpaka pachitseko. Ndinaganiza za mpando wanga wa m'saluni, za anzanga, za kugona osamvetsera ngati munthu akupuma m'chipinda china. Mayi wina kumbuyo kwanga anafunsa ngati ndikukwera kapena ayi. Ndinam'patsa njira. Basi inapita, ine ndinawoloka msewu mbale ili m'khwapa, ndili wokwiya, osadziwa amene ndamukwiyira.

Kunyumba ndinatenthetsa phala m'mbale yatsopanoyo, chivindikiro ndinachiika chopendekeka kuti nthunzi ituluke. Ndinalitakasa bwino, chifukwa limatentha m'mbali pakati pali pozizira. Atate anayang'ana mbaleyo, nayang'ana ine, n'kuikankha ndi chala.

"Atate, idyani, likali lotentha."

Mawu ankawavuta masiku amenewo. Analimbana nawo kanthawi.

"Yanga," anatero.

Amayi anadzuka, anatenga mbale yachitsulo ija, yomwe tsopano inali ndi kachipsera kakuda m'mbali, n'kukhuthuliramo phala lonse. Atate anadya. Litazizira, amayi analibwezera m'galasi, kutenthetsa, kulibwezanso m'chitsulo. Tinkatsuka mbale ziwiri m'malo mwa imodzi, ndipo zinakhala choncho mpaka atate anayamba kuyenda ndi ndodo n'kumadya mofulumirako.

Titakolola, mwana wa azakhali anga, mayi wamasiye wa ku Nkomeshya, anavomera kudzakhala ndi amayi. Ndinamuonetsa shelefu imene ndinapatula, ya zinthu zololedwa kulowa mu maikulowevu, ndipo amayi anandidula mawu n'kumufotokozera okha, mokweza, ngati sanaopepo chilichonse.

Ku Lusaka ndinapeza pamalo panga pali mtsikana wina. Ndinazungulira masaluni a ku Chelstone ndi ku Kaunda Square, onse akuti ndibwerenso mwezi wamawa. Pano ndimaluka tsitsi pakhonde la nyumba imene ndikukhala, ndipo Loweruka likafika sindidziwa ngati ndipite ku Chalimbana kapena ndidikire makasitomala. Nthawi zambiri ndimapita.