Ndinali Sipikala wa pa Sikimu

Dzina loti Sipikala ndinalitola ku Katuli, ndipo ndisaname, ndinalikonda kuposa limene anandipatsa makolo anga. Ndinapita kumeneko ngati mphunzitsi wochokera ku Ntcheu, ndili ndi sutikesi imodzi, njinga ndi wailesi. Aphungu akamakumana ku Lilongwe, ine ndikangoweruka ndinkakhala pakhonde, wailesi pamwendo, kumvera mpaka mabatire kutha. Anzanga ankatsata mpira, ine ndinkatsata mikangano ya m'Nyumba ya Malamulo. Mkulu wa zokambirana wa mbali ya boma ndi mtsogoleri wa otsutsa sankandipatsa chidwi kwenikweni, poti ntchito yawo n'kukokanakokana. Mtima wanga unali pa munthu wa pampando wapamwamba uja, wopanda mbali, amene akangoimirira nyumba yonse imati zii.

Chaka china tinatenga ana a sukulu kukaona nyumbayo. Tinakwera lole mpaka pa boma, fumbi lili m'mano, kenako basi. Ndinaona ndi maso angawa munthu atanyamula ndodo yonyezimira paphewa, Sipikala akubwera pambuyo pake mu mkanjo wakuda, aphungu onse ali chiriri. Koma chimene chinandigwira mtima ndi kavotedwe. Sipikala ankaitana ovomereza kuti ayankhe, nyumba n'kugunda. Ankaitana okana, n'kugundanso. Kenako iye, ndi khutu lake lokha, ankagamula kuti apambana ndi awa. Wotiperekeza anatiuzanso kuti amene sanakhutire ali ndi ufulu woimirira n'kupempha kuti aphungu awerengedwe mmodzimmodzi. Ine gawo limenelo ndinalimva ngati zokometsera chabe. Ndinabwerera ku Katuli nditatenga matenda a usipikala.

Kumunsi kwa sukulu kunali kasikimu ka ulimi wamthirira, komwe anthu ankalima anyezi, tomato ndi chimanga cha mondokwa nthawi ya chilimwe. Mabanja awiri aakulu ankalimbirana utcheyamani mpaka misonkhano inkatha ndi kutukwanana. Ndiye wina anati, bwanji tiike aphunzitsi, poti alibe mbale kuno, alibenso munda. Ndinakana kamodzi kokha, mwa mwambo, kenako ndinavomera msangamsanga kuopa angasinthe maganizo.

Ha, munthu ukapatsidwa kampando! Ndinabweretsa malamulo onse a mu wailesi. Wolankhula aimirire. Asaloze mnzake chala, alankhule kudzera kwa wapampando. Aliyense ndi wolemekezeka, ngakhale amene wabwera ndi matope mpaka m'mawondo. M'malo mwa ndodo yonyezimira ndinali ndi dasitala ya m'kalasi, imene ndinkamenyetsa patebulo choko n'kuti fuu. Anthu ankaseka, koma anazikonda, ndipo ndewu zinathadi. Nkhani ya mbuzi zolowa m'minda, nkhani ya masiku othirira, zonse tinkazimaliza ndi eya ndi ayi. Panjira ana ankandikuwira kuti a Sipikala, ine n'kumayenda ngati ndavala mkanjo.

Pa sikimupo panali mayi wina wamasiye. Anabwera kuchokera ku Mozambique ali kamtsikana, nthawi ya nkhondo, atadutsa m'mapiri wapansi pamodzi ndi amayi ake. Nkhondo itatha ambiri anabwerera, iye anatsala, anakwatiwa komweko n'kubereka ana awiri. Wamkulu, mtsikana, anali m'kalasi mwanga. Munda wa mayiyu unali kumutu kwa ngalande, pamene madzi amayambira kufika, ndipo anyezi wake ankakula ngati chibakera. Sanaupeze mwachinyengo. Pokumba ngalandeyo iye analipo kuyambira tsiku loyamba, pamene ena ankati n'kutaya nthawi.

Itafika nthawi imene aliyense ankayenera kukhala ndi chitupa cha unzika, chake sichinatuluke. Nkhani ya kumene anabadwira inkangomubweza. Mwini chigayo wa pamsika, amene munda wake unali kumchira kwa ngalande komwe madzi amafika atatopa, anaona mpata. Anabweretsa mfundo yoti minda ya pa sikimu ikhale ya okhawo ali ndi chitupa. Sanatchule munthu, koma ndi mwana yemwe ankadziwa kuti mfundoyo ikulasa munthu mmodzi.

Tinakumana Lachisanu, anthu atatuluka ku mzikiti, pansi pa mtengo wa mango wa pasukulu. Amuna anakhala pa mabenchi otengedwa m'kalasi, pafupi ndi tebulo langa. Amayi anayala mikeka chapatali, kumbuyo kwa mabenchiwo, ndipo anali ochuluka kuposa amuna, monga zinalili nthawi zonse, chifukwa minda yambiri ankalima ndi iwo. Mwini chigayo analankhula bwino, zimenezo sindingamumane. Anati lero ndi munda umodzi, mawa kudzabwera ena, ana athu adzalima pati. Atakhala pansi ndinapatsa mpata mayi uja.

Anaimirira, n'kukonza mpango wake kumutu, maso ali pa ine monga ndinawaphunzitsira, n'kunditchula Mwalimu, monga amaitanira mphunzitsi kumeneko.

"Mwalimu, ine kuno ndinabwera mabere asanamere. Amayi anga agona manda a kuno, amuna anga agona manda a kuno. Ngalande iyi ndinakumba nawo ndi manja awa. Tsopano mukati ndichoke, kwathu n'kuti? Basi, mawu anga ndi omwewo. Sikomo."

Anakhala pansi. Ndinaimirira, ndinakonza kolala, n'kunena mawu anga okondedwa aja.

"Olemekezeka, amene mukuvomereza mfundoyi nenani kuti eya!"

Amuna anabangula. Ena anamenya mabenchi, anyamata a kuchigayo anaimba ndi mluzu womwe. Si onse anayankha, ndinaona madala awiri atatu atangoweramitsa mitu, koma phokosolo linakwana.

"Amene mukukana nenani kuti ayi."

Kuchokera ku mikeka kunabwera mawu otsika, aatali, ngati njuchi zili m'mphako. Ena anati ayi, ena iyayi, ena ngwamba m'Chiyao chawo. Sanakweze. Pa mabenchi paja panali apongozi awo, amalume awo, ndi a shehe omwe, ndipo mkazi wa kumeneko safuula pamaso pa anthu otere. Ine zimenezi ndinkazidziwa, ndinali nditakhalako zaka zisanu ndi chimodzi. Mawuwo anali otsika koma anali otambalala, anachokera kumapeto kwa mikeka mpaka kumapeto ena, ndipo milomo yonse ndinaiona ikugwedezeka.

Ndakhala ndikudzinamiza zaka zambiri kuti sindinamve bwino, kuti mphepo inkawombera kwina. Bodza. Ndinamva. Ndinadziwa pomwepo kuti okana ndi ochuluka. Koma maso onse a pa mabenchi anali pa ine, pafupi kwambiri, moti ndinkamva fungo la mafuta onunkhira amene anadzola popita ku swala ku mzikiti. Ndinachita mantha, ndipo pamwamba pa manthawo panali kunyada. Sipikala wa m'mutu mwanga sankadodoma, sankafunsa kawiri, ankagamula nthawi yomweyo. Ndinaona kuti kunena kuti tiwerengane kukhala ngati kuvomera kuti khutu langa ndi loperewera.

"A eya apambana," ndinatero, n'kumenya dasitala patebulo.

Palibe anaimirira kupempha kuti awerengedwe. Akanadziwa bwanji kuti n'zotheka? Ndinawaphunzitsa kuimirira, ndinawaphunzitsa kutchulana olemekezeka, koma lamulo lokhalo loteteza amene mawu awo ndi otsika ndinalisiya ku Lilongwe. Amayi anapinda mikeka yawo mwakachetechete. Mayi uja sanalire. Anandiyang'ana kanthawi, osati mokwiya, koma ngati munthu amene akudikira kuti umalize chiganizo, kenako anatembenuka n'kutsata anzake.

Komiti inamulola kuti akolole kaye anyezi wake, koma sanadikire. Pasanathe mwezi anamanga katundu n'kuwoloka malire ndi ana ake, kupita kwa mlongo wa amayi ake amene anali asanamuonepo chikulire. Anyezi uja anakolola ndi ena. M'kalasi ndinapitiriza kuitana dzina la mwana wake m'mawa uliwonse kwa milungu itatu, ana n'kumayankha kuti anapita, mpaka a hedi anandiuza kuti ndilifufute. Ine ndinkadzitonthoza kuti wapampando alibe mbali, amangolengeza zimene nyumba yanena. Chaka chotsatira ndinatula pansi udindo, ndinati ntchito ya kusukulu yachuluka. Anandithokoza ndi nkhuku ziwiri, ndipo ndinadya.

Tsopano ndinapuma ntchito, ndimakhala m'tauni ya Mangochi, chakufupi ndi mlatho. Nyumba ya Malamulo ndimaimverabe, matenda sachoka, koma ikafika nthawi yoti Sipikala aitane okana, dzanja langa limapita lokha kukatseka wailesi. Sizithandiza. Mawu a ku mikeka aja amandipeza kwina. Kutchalitchi, mpingo ukamanena pemphero chapansipansi, ndimawamva. Pamaliro, amayi akamang'ung'udza nyimbo m'nyumba, ndimawamva. Tsiku lina ndinawamva mu minibasi yopita ku Makokola, masana dzuwa likuswa mtengo, ndinacheuka, koma kumbuyo kunali amayi awiri okha akukambirana za mtengo wa usipa. Mkazi wanga amati ndikukalamba. Sindinamuuzepo nkhaniyi, ndimachita manyazi.

Chaka chatha ndili pamsika, ndikusankha tomato, ndinamva wina akuti, "A Sipikala! Ndinu kodi?" Anali mmodzi wa amayi a pa sikimu paja, atakalamba ngati ine ndemwe, atabwera kudzaona mdzukulu wake wodwala. Tinapatsana moni wautali, wa kumudzi, wa mvula, wa amene anamwalira. Ndinazungulirazungulira, kenako ndinafunsa za mayi uja.

"Aja anatisiya kalekale," anatero. "Dzinja lachiwiri atawoloka. Kumeneko anawapatsa kamunda ka pamiyala, kopanda madzi. Mwana wamkazi uja anamukwatitsa chaka chomwecho. Sukulu inathera pomwe paja."

Ndinaika tomato pansi. Ndinamuuza chimene ndinali ndisanauzepo munthu aliyense, kuti tsiku lija okana anali ochuluka, ndipo ine ndinamva.

"Tikudziwa," anayankha mosadabwa n'komwe. "Tinawerengana tokha panjira pobwerera."

"Nanga bwanji simunanene? Bwanji simunafuule?"

Anandiyang'ana, n'kupukusa mutu pang'ono.

"Mwalimu, ife tinapangana. Dzulo lake tinakumana kuchitsime, tinati mawa manyazi tiwasiye kunyumba. Tinati tikaimirira tonse, tikakuwa, apongozi akhalepo asakhalepo, zikavuta tikagubuduza ndi tebulo lanu lomwe. Anatiletsa ndi eniake a munda aja. Anati musadzichotsere ulemu chifukwa cha ine, muli ndi mabanja. Anati aphunzitsi aja ndi munthu wachilungamo, mwana wanga amati m'kalasi amamva ndi wonong'ona yemwe wa kumbuyo. Ingonenani ayi mwaulemu, amva."

Wogulitsa tomato anandifunsa ngati ndikugula kapena ayi. Mayi wa ku Katuliyo anasenza dengu lake, anati akuchedwa kukaona wodwala, n'kunditsazika mwaulemu wonse, kutchula ndi dzina lija lomwe. Ndinaima pomwepo mpaka analowa m'chigulu cha anthu, ndipo kunyumba ndinafika wopanda tomato.