Riminisi ya Che Harun

A Greenwell anadziwana ndi telala wina, Che Harun, m'chaka cha 2001, pakhonde la golosale ina ku Biwi, buluku lawo litang'ambika potsika minibasi. Telalayo, Myao wa ku Mangochi wa ndevu zaimvi, anawabwereka chitenje choti adzikulunge podikira, n'kuwauza kuti asachite manyazi poti pabenchi yomweyo anakhalapo mabwana amimba zawo, nawonso m'chitenje. Kuchokera tsikulo, a Greenwell akaweruka ku ukalipentala wawo sankadutsa pakhondepo osakhala pansi.

Che Harun sukulu sanapite nayo patali, koma ali mnyamata anasokapo m'sitolo ya mmwenye ku Limbe, kumene anatolako mawu a Chingerezi angapo. Liwu lapamtima pawo linali lakuti riminisi. Ankati kukumbuka n'kwa aliyense, ngakhale mbuzi imakumbuka khola, koma kuriminisa n'kukhala awiri kapena atatu n'kumafukula zakale mokondwa. Munthu sariminisa yekha, ankatero, ndipo sariminisa atakwinya nkhope.

Mu 2004 mayi Dorica, akazi awo a Greenwell, anatisiya. Bamboyo anatsekera sowo ndi hamala m'bokosi, nayamba kungobindikira m'nyumba. Chakudya ankangochitosa, ndipo dzina la malemuwo sankalola kuti litchulidwe. Mwana wawo Olipa, amene ankagulitsa kaunjika mumsika wa Kawale, anaona kuti bambo ake akulondola mayi ake kumanda, ndiye anakadandaula kwa telala uja.

Che Harun anayankha ulusi uli kukamwa: "Mwananga, bambo akowo akungosowa riminisi. M'mawa ndi madzulo."

Olipa anayesa ndi mankhwala. Anafunsa m'mafamase a ku Kawale, osapezeka. Anafika mpaka ku Area 23, kumene wogulitsa wina, posafuna kuoneka mbuli, anamuuza kuti angotha kumene, adzabwere sabata yamawa. Anabwerera mapazi atatuwa ndi fumbi, n'kufotokozera bambo ake zonse, misozi ikulengeza.

A Greenwell anamuyang'ana kanthawi. Kenaka mapewa anayamba kugwedezeka, ndipo anaseka mpaka kutsokomola.

"Akanakhala Dorica," anatero akupukuta m'maso, "bwenzi wogulitsayo atamufunsanso kuti ndi amadzi kapena ndi mapiritsi."

Dzina lija linatuluka lokha, ndipo sanalibweze.

Lachisanu lotsatira, potuluka mumzikiti, Che Harun anatulukira pakhomo pa a Greenwell. Anayamba ndi nkhani ya tsiku limene mayi Dorica anawaitana kudzadya nkhuku, n'kuumirira kuti aizinge okha mlendoyo mwa Chisilamu kuti adye ndi mtima umodzi. Nkhukuyo inapulumuka m'manja mwawo n'kukalowa m'bafa ya aneba muli munthu. A Greenwell anatsutsa kuti sinali bafa, inali khitchini, ndipo mkanganowo unawakokera ku nkhani zina: mmene Dorica ankaimbira mokweza kuposa kwaya yonse, mmene ankanenerera mtengo wa makala mpaka wogulitsa kupepesa. Olipa atabweretsa tiyi ndi mbatata, bambo ake anadya osazindikira kuti akudya.

Mwezi usanathe, hamala inamvekanso kuseri kwa nyumbayo.

Cha m'ma 2008 maso a Che Harun anachita khungu, makina osokera n'kuwasiyira mphwawo Lajabu. Benchi ya pakhonde inayamba kuwapweteka msana, choncho a Greenwell anawakhomera mpando wotsamira wa matabwa a mlombwa, n'kuusenza okha pamutu kukawapatsa. Nkhalambayo inakhalapo, niyendetsa chikhatho pang'onopang'ono pa mkono wa mpandowo, kenaka inaima pamalo ena.

"Achimwene, apa munathamanga. Pakukanda."

A Greenwell anati ndi dzanja la telalayo lakhakhala, osati thabwa. Komabe anapisa m'thumba, natulutsa kachidutswa ka sandipepala, n'kugwada pambali pa mnzawoyo kuyamba kusalaza.