Mikanda Yosafuna Dzuwa

Nellie sanaonepo m'kati mwa shedi imene amuna ake, a Wilkins, ankagwiramo ntchito pa bwalo la ndege la Chileka, koma mikanda ya mmenemo ankaidziwa ndi manja. Tinali timikanda tachikasu tonga mazira a nsomba. A Wilkins ankati amatithira m'mipope yagalasi, ndipo madzi akadutsamo amatuluka opanda mchere, oyenera mabatire ndi injini za ndege. Timikandato tikatopa, ankatidzutsa ndi soda wowotcha, kenako n'kutitsuka mpaka soda yense athe.

Sodayo ndi amene anadya manja a Wilkins. Chaka chimene asilikali a Chitaganya ankatera pa Chileka, zala zawo zinali zitang'ambika moti ngakhale kumanga batani la malaya kunali nkhondo. Mzungu wa shediyo akanaona, akanalemba wina. Choncho Loweruka lililonse a Wilkins ankabwera kunyumba ndi debe la timikandato panjinga mobisa, ndipo wotsuka anali Nellie. Akatha kutunga, kusinja ndi kuchapa ovololo, ankakhala kuseri kwa nyumba n'kumatsukuluza ndi madzi amvula a mumgolo. Ku Chileka dzina lake silinkadziwika. Manja ake nawonso anayamba kusupuka.

Loweruka lina a Wilkins anangotula debe n'kuthamangira maliro a malume awo. Nellie anatsuka yekha. Dzuwa linawala bwino, ndipo iye anachita zimene amachita ndi chilichonse chotsukidwa, kaya mphale kaya mpunga: anayala mphasa n'kuyanika. Chonyowa chimawola, ndi mmene anakulira. Anakhala pomwepo tsiku lonse ndi kamtengo, kuingitsa nkhuku.

A Wilkins pobwera anaima pambali pa mphasa, chipewa chili m'manja.

"Mayi, mwayanika?"

"Nanga mumati ndisunge zonyowa, zichite nkhungu?"

"Izi sizifuna dzuwa! Zimagona m'madzi!"

"Munandiuza liti? Inu mumangoti tsukani, tsukani. Kodi ine ndinalembedwa ntchito ku eyapoti?"

Atathira madzi, timikandato tinaswekasweka n'kukhala ngati gaga. Lolemba a Wilkins atatibwezera kushedi, mipope inatsekeka, madzi osadutsa. Mzungu anafunsa, kenako anaona manja awo ong'ambika aja. A Wilkins sanatchule mkazi wawo, chifukwa kutero kukanakhala kuvomera kuti katundu wa shedi ankagona kumudzi. Anawachotsa ntchito tsiku lomwelo.

Anasamukira ku Lirangwe, kumunda wa amayi ake a Nellie. Manja a Wilkins anatenga dzinja lonse kuti apole, ndiye khasu analigwira ndi Nellie, ndi manja ake osupukawo. Debe lija palibe analifunsa, linasanduka lotungira madzi. Kwa nthawi yaitali pansi pake pankapezekabe kamkanda kamodzikamodzi. Nellie ankangokachotsa ndi chikhadabo n'kukataya, n'kusenza madzi ake.