Mayi Ketulo: Tiyi Ayambe Wadikira

Sabata yatha mpingo wathu unaperekeza mayi amene dzina lawo lenileni ankalidziwa ndi mlembi wa mpingo yekha. Enafe, kuyambira abusa mpaka ana a Sande sukulu, tinkangoti Mayi Ketulo, ndipo iwo ankavomera nkhope ili ngwee. Tilembe pano za moyo wawo, kuti amene anamwako tiyi wawo akumbukire, ndipo amene sanamweko adziwe chimene chinawaphonya.

Anali oyamba kubadwa m'banja la ana asanu. Bambo awo ankakonza njinga m'mbali mwa msewu, mayi awo ankachapa zovala za anthu. Ali ndi zaka khumi ndi ziwiri, mayi awo anapita kukachira mwana wina, koma sanabwereko, iwo ndi khanda lomwe. Akuluakulu ankangonong'onezana kuti magazi anali atatha m'thupi. Mtsikanayo sanamvetse kuti magazi amatha bwanji, koma mawuwo anamukhala mumtima moyo wake wonse. Sukulu inathera pomwepo, nayamba kulera abale ake. Kutchalitchi ankafika wina ali kumsana, wina kudzanja, ndipo poti nthawi yopemphera motalika inalibe, anazolowera pemphero lalifupi limene sanalisiye mpaka ukalamba: "Ambuye, mwationa."

Atakula anapeza ntchito m'kantini ya pafakitale yosoka zovala, ndipo luso la tiyi analitola kumeneko. Tiyi wake sanali wamasewera. Anali wofiira psuu, woti ukamwa Lamlungu tulo tikubwerera Lachiwiri. Anakwatiwa ndi mlonda wa pafakitalepo, munthu wofatsa amene Mulungu anamuitana mwana wawo yekhayo asanayambe n'kuyenda komwe. Mayiwa sanadandaule pagulu. Anasamukira m'zipinda ziwiri pamwamba pa shopu ya utoto, nalera mwana wawo mpaka anakhala kalipentala.

Kwa zaka makumi atatu, Lamlungu lililonse ankafika kutchalitchi zitseko zisanatsegulidwe, kudzakoleza makala kuseri kwa holo. Mapemphero akatha, gulu la amayi linkadya pamodzi, ndipo munthu asanatafune kawiri, ketulo yaikulu yopindika khutu inali itafika kale paphewa pake. Ankakonda kunena kuti, "Chakudya chopanda tiyi n'chimodzimodzi pemphero lopanda ameni." Odwala ankawayendera ndi fulasiki m'chikwama, koma amene ankawatsata kwambiri anali amayi oyembekezera. Mumtima mwawo ankakhulupirira ndithu kuti tiyi wofiira amawonjezera magazi. "Taonani mtundu wake, si magazi enieni awa? Imwani, mwana wanga, imwani." Palibe amene anawatsutsa, chifukwa munthu wokukonda chotero umamuyamba pati?

Kalipentala uja anakwatira mtsikana wa m'kwaya, wosoka madiresi, ndipo anabwera kudzakhala nawo pamwamba pa shopu. Awiriwa anagwirizana moti anthu ankafunsa kuti mwana weniweni ndi uti. Koma mpongoziyo analibe mphamvu. Akakwera masitepe ankaima panjira, wefuwefu, n'kumanamizira kuyang'ana foni. Kwaya ikaimirira nthawi yaitali ankachita chizungulire. Tsiku lina Mayi Ketulo anapeza khoma lakumbika kuseri kwa chitseko, natchera msampha wa makoswe. Khoswe wake anagwidwa masana dzuwa likuswa mtengo, atavala diresi la maluwa, dothi lili kukamwa.

"Amayi, ndimangolilakalaka, sindidziwa chifukwa chake," anatero mpongoziyo mwamanyazi.

Anaseka onse mpaka misozi, osadziwa kuti chimenecho chinali chizindikiro. Mtsikanayo atakhala ndi pathupi, mayiwa anawirikiza chikondi: tiyi m'mawa, tiyi masana, tiyi madzulo, pa chakudya chilichonse. Mapiritsi a kusikelo nawo ankatsikira tiyi yemweyo, masiku amene sanaiwalidwe. Pa miyezi isanu anapita padera, ndipo anataya magazi ambiri moti anachita kumuwonjezera ena kuchipatala.

Asanatuluke, anamwino ena amene timapemphera nawo anawakhazika pansi onse awiri. Anatsitsa chikope cha mtsikanayo, mkati muli mbuu ngati pepala.

"Mwana uyu magazi ake ndi ochepa kuyambira kale. Asatengenso pathupi mpaka akwere. Akadzapita kochira ali chonchi, tikhoza kumutaya."

"Koma anamwino, magazi achepa bwanji? Ineyo ndimamumwetsa tiyi katatu patsiku, wofiira bwinobwino!"

Anamwino anagwira pakamwa. Kenaka anafotokoza mofatsa kuti thupi limapanga magazi ndi ayironi wa m'zakudya, ndipo tiyi alibe ngakhale dontho la magazi. Akamwedwa pamodzi ndi chakudya, amatsekereza ayironi wa m'nyemba ndi m'masamba kuti asalowe bwino m'thupi.

Mayi Ketulo anafunsa motsitsa: "Ndiye kuti mdzukulu wanga ndamupha ndine?"

"Ayi, mayi, musadzisenzetse zimenezo. Zochepetsa magazi n'zambiri: kusamba kwambiri, njoka za m'mimba, malungo, kudya mosasinthasintha. Zonsezo timuyeza. Tiyi wanu sanathandize, basi. Musamutaye, angoyamba wadikira ola limodzi munthu akadya."

Anapita kwawo nalira, ndipo kwa masiku atatu ketulo sinaone moto. Kumbukirani kuti apa anali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi kudza zisanu, msinkhu umene ambirife ukatiuza kuti talakwa timasintha mpingo. Iwo ayi. Lamlungu lotsatira anaimirira pamaso pa amayi onse m'holo, m'manja mulibe kanthu.

"Azimayi anzanga, ndabwera kudzalapa. Zaka makumi atatu ndakhala ndikukuberani magazi, inu n'kumandithokoza. Kuyambira lero tiyi azibwera pakatha ola."

Kunali phokoso ngati pamsika. Mayi wina woimba alito m'kwaya, wodziwika ndi pakamwa, anafuula: "Ndiye ola lonselo tizingoyang'anana?"

"Muziimba, achemwali. Mmene munaimbira m'mawa muja, ola limodzi likuchepa."

Holo yonse inagwa ndi phwete, ndipo lamulo linakhazikika pomwepo. Ankakhalira chitini cha shuga, wotchi ya malemu amuna awo ili pamwendo. Ngakhale abusa atasuzumira ndi kapu yawo, ankawauza mwaulemu kuti, "Abusa, kwatsala mphindi khumi. Inu mumatidikiritsa kuposa pamenepa."

Pamalo pa ketulo panabwera dengu la malalanje, magwafa ndi mandimu, poti anamwino anati zipatso zoterezi zimathandiza ayironi kulowa m'thupi. Anapempha zidebe zakale za utoto kushopu ya pansi, nazitsuka, nadzalamo masamba obiriwira kuseri kwa tchalitchi. Anaphunzira kuwaphika pang'ono chabe, asanafe mtundu, n'kufinyiramo ndimu. Kunyumba ankasinthasintha: lero nyemba ndi tomato, mawa tinsomba touma todya ndi mitu yomwe, mkuja dzira, ndipo nyama ikapezeka, nthuli yaikulu inkapita m'mbale ya mpongozi. Kalipentala akayang'ana m'mbale mwake mwachisoni, ankamuuza kuti, "Iwe magazi ako akukwana, ndimakuona ukadzimenya ndi hamala."

Nkhondo yaikulu inali ya mapiritsi a ayironi. Mtsikanayo ankati amamuchititsa nseru, ndiponso anachita mantha ataona kuti chimbudzi chada. Mayiwa anakafunsa kuchipatala, nabwerako ndi yankho: kudako n'kwa mankhwala, sikoopsa, ndipo nseru imachepa ukamwa utadyako kanthu. Chakudya chokha sichikanakwanitsa pa munthu amene magazi anatsika chotero. Kuyambira pamenepo m'mawa uliwonse ankaima pakhomo ndi kapu ya madzi ndi chibenthu cha lalanje. "Meza, mwana wanga. Tsegula pakamwa ndione."

Kutchalitchi moni wawo unasintha. Ukawapatsa dzanja ankalitembenuza kaye kuona chikhatho. Chikakhala chotuwa ankakukokera pambali: "Ine si dokotala, koma mawa upite akakuyeze. Ukachita manyazi ndikuperekeza." Anaperekeza ambiri, atsikana a sukulu ndi amayi a ana anayi omwe, ndipo pamzere wa kuchipatala ankawafotokozera nkhani ya khoswe wovala diresi mpaka mantha onse kutha.

Patatha chaka ndi theka, anamwino anayang'ana pepala la zoyeza namwetulira. Magazi anali atakwera. Posakhalitsa mpongozi uja anakhalanso ndi pathupi. Koma nthawi yomweyo mtima wa Mayi Ketulo unayamba kufooka, miyendo n'kutupa, mpaka analeka kutsika m'chipinda chawo. Ululu anaupirira mwakachetechete. Tikapita kukawaona ankatifunsa za masamba a m'zidebe, osati za matenda awo. Abusa atawafunsa ngati ali okonzeka, anayankha kuti, "Ndine wokonzeka, abusa, koma ndawapempha Ambuye andidikire pang'ono. Ndili ndi mphika pamoto." Ali gone pabedi ankafunsabe tsiku ndi tsiku ngati piritsi lamezedwa, ndi kuti kusikelo anena chiyani.

Tsiku loti mpongozi achire linafika Lachiwiri m'mawa. Amayi anayi a m'gulu anakhala ndi Mayi Ketulo m'chipindamo, akuimba motsitsa. Mayiwa sanaimbe nawo. Anali ndi mantha, ndipo sanabise. Anangogwira m'mphepete mwa bulangeti, milomo ikuyenda. Masana foni inalira: mwana wamkazi, mayi ali bwino, sanafunike kuwonjezeredwa magazi. Amayi aja anavina mpaka mwini shopu ya pansi anagogoda denga ndi mtengo wa tsache. Koma mayiwa anati, "Ndikhulupirira ndikamuona ndi maso angawa."

Anamuona Lachinayi masana. Mpongozi analowa yekha, khanda lili m'manja, mwamuna wake akubwera m'mbuyo ndi zikwama, wefuwefu ali iyeyo.

"Amayi, tabwera."

"Masitepe aja wakwera wekha?"

"Ndekha, amayi, ndi katundu yemwe."

Anamugwira tsaya, namuyang'ana nthawi yaitali, misozi ikutsikira m'makutu. Kenaka analandira khandalo pachifuwa, nati, "Ambuye, mphika uja wapsa. Zikomo podikira."

Anakhalanso masabata asanu ndi limodzi, osangalala ngati mwana, akulamula aliyense ali chogona. Tsiku lomaliza, dzuwa likulowa pawindo, anaitana mpongozi wawo kuti akhale pafupi.

"Mwana wanga, uyu akadzakula anthu adzamuuza kuti agogo ake anali munthu wabwino. Iwe usadzamubisire. Udzamuuze kuti agogo ake analakwitsa zaka makumi atatu, ndipo atauzidwa anamva."

Mpongoziyo analonjeza. Mayiwa anapempha kuti awatembenuzire kumene kunagona khanda, ndipo anatsinzina akuliyang'ana, mofatsa, moti amene anali m'chipindamo ankayesa agona tulo.

Ifenso sitinabise, monga anafunira. Mulungu awalandire mtumiki wake, amene anawongoleka tsitsi litachita kale imvi, ndipo chifukwa cha kumva kwawoko khanda lija likuyamwa bere la mayi ake lero.